Mmene mungapangire maswiti a taffy ndi ana, n'kuphunzirapo sayansi

Taffy ndi maswiti ofewa, otafuna, amene amapangidwa powiritsa shuga kenaka n'kumakoka mtandawo ndi manja mpaka utayera. Zofunika zake n'zochepa, koma ambiri akayesa koyamba zimawakanika m'njira zitatu. Maswiti amauma gwa osakokeka, kapena amatsala manyuchi ongomata m'manja, kapena amamveka mchengamchenga m'kamwa. Mavuto awiri oyambawo amadza chifukwa chophula mochedwa kapena msanga, pomwe lachitatu limadza ndi kutakasa pa nthawi yosayenera.

Chimene chimalamula zonse ndi kuchuluka kwa madzi amene atsala m'manyuchi pamene mukuphula, ndipo nambala ya pa thermometer (chipangizo choyezera kutentha) ndi imene imakuuzani za madziwo. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake, n'kuzilemba ndi dzanja lake, saziiwala msanga. N'chifukwa chake m'malangizowa ana ali ndi ntchito kuyambira poyamba, osati kungodikira nthawi yodya.

Zofunika kukhala nazo

Zopangira maswiti:

- shuga woyera, kapu imodzi (magalamu 200)
- manyuchi a glucose kapena corn syrup yoyera, mamililita 160
- madzi, theka la kapu (mamililita 120)
- cornflour (ufa wosalala wokhuthalitsira zakudya, osati ufa wa nsima), supuni yaikulu imodzi
- batala, supuni yaikulu imodzi, ndi wina wapadera wopaka m'manja ndi m'thireyi
- mchere, theka la supuni yaing'ono
- vanilla kapena peppermint (zonunkhiritsa), theka la supuni yaing'ono
- madontho awiri kapena atatu a utoto wa zakudya, ngati mukufuna mtundu

Ziwiya:

- poto wokhuthala pansi, wa malita awiri kapena atatu, ndi chivindikiro chake
- thermometer yopirira kutentha kopitirira madigiri 150 a Celsius
- supuni yamtengo
- thireyi yachitsulo ya m'mbali mokwera
- makapu angapo a madzi ozizira
- sizasi, ndi pepala la baking lodula tizidutswa tokulungira
- sikelo ya kukhitchini ngati ilipo, wotchi, kope ndi pensulo

Poto aoneka ngati wakulitsa poyerekeza ndi zimene mukuikamo. Msiyeni choncho, chifukwa manyuchi akawira amatukumuka n'kukwera kwambiri. Thermometer yoyezera kutentha kwa thupi musaiyandikize n'komwe, imathera pa madigiri 40 ndi pang'ono basi. Ngati mulibe thermometer yoyenera, mugwiritsa ntchito madzi ozizira monga tafotokozera pa sitepe 5.

Manyuchi a glucose musawaone ngati ongowonjezera kukoma. Ndi amene amaletsa shuga kubwereranso kukhala timibulu. Akasowa, onjezani shuga afike makapu awiri, madzi akhale mamililita 180, n'kuthiramo supuni zazikulu ziwiri za viniga kapena madzi a mandimu. Asidi wa mu viniga kapena mandimu amaphwanya gawo la shuga kukhala mitundu ina iwiri ya shuga, glucose ndi fructose, ndipo izi zimagwira ntchito yofananayo. Njira imeneyi imatheka ndithu, koma simakhululuka mukalakwitsa potakasa.

Gawanani ntchito moto usanayatsidwe

Manyuchi otentha amawotcha koposa madzi owira. Amatentha kupitirira madzi, ndiponso akagwera pakhungu amakakamira n'kupitiriza kuwotcha. Choncho poto, supuni ndi kuphula ndi ntchito ya wamkulu yekha. Ana aime patali ndi chitofu moti ngakhale atatambasula mkono asafikire poto. Chogwirira poto chilozeni mkati. Mwana wakhanda asakhale m'manja mwa amene akuphika.

Ntchito ya ana ndi kuyeza zinthu, kupaka batala m'thireyi, kudula mapepala, kuyang'ana wotchi, kulemba manambala amene wamkulu akutchula, kukoka ndi kukulunga. Ndi yambiri yokwanira ana atatu popanda kulimbirana.

Wina akapsa, ikani malo opsawo pa madzi ozizira oyenderera kwa mphindi 20. Musaike ayezi, batala kapena mankhwala otsukira mano. Chilonda chikakhala chachikulu, kapena chili pankhope kapena padzanja la mwana, pitani naye kuchipatala. Dziwaninso kuti taffy amatha kutsamwitsa ana osakwana zaka zinayi, ndipo amamatirira pa mawaya owongolera mano ndi pa mano omata. Ana oterewa athandize nawo kupanga, koma muwapezere china choti adye.

Masitepe ake

1. Yesani thermometer m'madzi owira. Wiritsani madzi okha, viikani thermometer, mwana alembe nambala. Pamalo otsika molingana ndi nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, koma kumalo okwera amawira msanga: pa mamita pafupifupi 300 alionse okwera, nambala imatsika ndi digiri imodzi. Ngati madzi anu awira pa 97, chotsani 3 pa manambala onse amene ali m'munsimu, kutanthauza kuti m'malo mwa 124 muphula pa 121. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi, kenaka amadabwa kuti atsatira zonse koma maswiti auma. Madigiri atatu okha amasintha taffy kotheratu.

2. Konzeranitu zonse. Pakani batala m'thireyi monse, ndi m'mbali momwe, n'kuiika pamalo osapsa ndi kutentha, pomwe siigwedezeka. Dulani mapepala okulungira, lililonse masentimita 8 mbali zonse. Makapu a madzi ozizira akhale pafupi ndi chitofu. Manyuchi akafika pake mulibe mpata wofunafuna thireyi.

3. Sakanizani, n'kusungunula pa moto wapakatikati. Yambani mwasakaniza shuga ndi cornflour zili zouma, kuti cornflour asachite mibulu. Kenaka thirani madzi, manyuchi a glucose, batala ndi mchere. Ikani pamoto muzitakasa pang'onopang'ono mpaka shuga yense atasungunuka. Tapani pang'ono ndi supuni muyang'ane powala: ngati mukuonabe timibulu, musalole kuti ziwire kaye. Chepetsani moto mupitirize kutakasa.

4. Zikayamba kuwira, vindikirani mphindi ziwiri, ndipo lekani kutakasa. Nthunzi imene imatsekeredwa imatsuka timibulu ta shuga tomwe tinakakamira m'mbali mwa poto. Musachoke pamenepo, chifukwa zitha kusefukira. Zikayamba kukwera chepetsani moto. Mukavundukula, tsukani supuni ija muiike pambali.

Apa ndi pamene dzanja limalakalaka kutakasa, ndipo apa ndi pamene mchenga uja umayambira. Madzi akamachoka, m'poto mumatsala shuga wochuluka kuposa amene madziwo angasunge akazizira. Shuga ameneyu amangofuna poyambira kuti aunjikane. Kambulu kamodzi kogwa kuchokera m'mbali mwa poto kapena kobwera ndi supuni yosatsuka kamakhala ngati mbewu: tina timamera pa iko, mpaka mtanda wonse kuchita mchenga. Glucose amalowerera pakati pa shugayo kuti asafole bwino, koma musamusenzetse ntchito yonse.

5. Ikani thermometer, ndipo ana ayambe kulemba. Nsonga yake imire m'manyuchi koma isakhudze pansi pa poto, chifukwa chitsulo chimatentha kuposa manyuchi ndipo chikunamizani. Mwana mmodzi azitchula mphindi iliyonse ikakwana, wamkulu aziwerenga nambala, wina azilemba.

Chimene anawo aone n'chosangalatsa. Kwa nthawi yotalikirapo nambala imangozungulira pang'ono pamwamba pa 100, ngati thermometer yafa. Afunseni kuti moto wonsewu ukupita kuti, popeza ukuyakabe. Asiyeni aganize, kenaka alozereni nthunzi. Kutentha kukuthera pa kusandutsa madzi kukhala nthunzi. Madzi akamachepa, manyuchi amakhuthala, ndipo manyuchi okhuthala amawira pa kutentha kokwera kuposa osungunuka. Nambala imayamba kukwera, poyamba mwaulesi, ikadutsa 110 mothamanga. Thovu nalo limasintha: poyamba limakhala laling'onoling'ono lophulika msanga, kenaka limakula, limachedwa kuphulika, ndipo kaphokoso kake kamalemera.

Nambala ikafika 110, wamkulu ayambe kudonthezera manyuchi pang'ono m'kapu ya madzi ozizira ndi supuni yoyera. Dikirani masekondi angapo kuti apole, ndiyeno mwana apise dzanja atole. Gwiritsani ntchito kapu ina ulendo uliwonse, chifukwa madzi akafunda sanena zoona. Zimene mupeze ndi izi:

- 110 mpaka 112: timaulusi tosagwirika, tongosungunuka m'madzi
- 112 mpaka 116: kampira kofewa, kophwatalala mukakatulutsa m'madzi
- 118 mpaka 120: kampira kolimbirako, kogonja mukakafinya
- 121 mpaka 130: kampira kolimba kosunga maonekedwe ake, kophwanyika pokhapokha mutafinya ndi mphamvu
- 132 mpaka 143: maulusi olimba opindika kaye asanathyoke
- 149 mpaka 154: maulusi othyoka nthawi yomweyo, a maswiti ouma

Ikani timipirati pa mbale motsatana, kalikonse ndi nambala yake pambali. Pa kampira kofewa shuga amakhala ali pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse, pa kolimba pafupifupi 92, pomwe pa maulusi othyoka madzi amakhala atatsala gawo limodzi lokha. Mwana akafinya timipira tonse motsatana amamva ndi zala zake zimene manambalawo akutanthauza. Simufunika kufika kumapeto kwa mndandandawu lero. Mukafuna kuona magawo omalizawo, patulani manyuchi pang'ono m'kapoto kena mupitirize kuwawiritsa taffy ataphulidwa kale.

Opanda thermometer, uku ndiye kuyeza kwanu. Pochita zimenezi muzichotsa poto pamoto, chifukwa pamene inu mukufinya kampira manyuchi akupitirira kupsa.

6. Phulani pa madigiri 123 mpaka 125. Musadikire kuti nambala idutse kuti mutsimikize. Poto wokhuthala amasunga kutentha, ndipo manyuchi amakwerabe digiri imodzi kapena awiri ataphulidwa. Pa 123 mupeza taffy wofewa bwino. Kuyandikira 130 amalimba ndipo manja a ana amavutika kumukoka. Dikirani thovu lidekhe, kenaka thirani vanilla ndi utoto, nkhope ili kutali chifukwa pamatuluka nthunzi yamphamvu. Takasani kamodzi kapena kawiri ndi supuni yoyera, basi.

7. Khuthulirani m'thireyi, osakokota poto. Zotsalira m'mbali ndi pansi zisiyeni. Zimakhala zitapsa kuposa zinzake ndipo ndi momwe timibulu timabisala. Thireyi itentha kwambiri, ana asaigwire.

8. Dikirani zipole, koma zisazizire. Kawirikawiri zimatenga mphindi 10 mpaka 20. M'mbali mumapola msanga, ndiye muzipindira m'mbalimo pakati ndi mpeni kapena supuni yopaka batala. Pamwamba pamanamiza: pakhoza kuoneka popola mkati mukadali moto. Wamkulu ayambe ndiye kudina ndi chala, kenaka anyamule mtanda wonse n'kuupinda kangapo. Ngati angathe kuugwira momasuka osasinthasintha manja, ana akhoza kulandira. Musauike m'firiji kuti mufulumize. Kunja kumauma mkati mukadali motentha.

9. Patulani kachidutswa koyerekezera. Musanayambe kukoka, dulani kachidutswa kakang'ono mukaike pa pepala, osakakhudzanso. Ana afuna kukadya, akanizeni mwachikondi. Popanda kachidutswa kameneka palibe chimene mudzayerekezere nacho, ndipo phunziro la kukoka limatayika. Ngati muli ndi sikelo, yezani mtanda wotsalawo mulembe kulemera kwake.

10. Kokani. Aliyense asambe m'manja, aumitse bwino, n'kupaka batala pang'ono. Wochuluka amachititsa kuti chingwe chiziterera ndipo mapindo sagwirana. Gawani mtanda kuti mwana aliyense akhale ndi wake wokwana m'manja. Kokani kufika pa utali wa mkono, pindani nsonga zikumane, potani pang'ono, kokaninso. Ana aang'ono achite awiriawiri: wina agwire uku wina uko, atalikirane pang'onopang'ono, kenaka akumane n'kupinda. Pansi pawo pakhale tebulo loyera, chifukwa chingwe chimalendewera pakati.

Mphindi zoyamba zimagwetsa ulesi. Mtanda umakhala wolemera, wonyezimira, womata, ndipo sipaoneka kusintha. Apa ana ambiri amati atopa. Auzeni aziwerenga mapindo mokweza. Pakapita kanthawi mtundu umayamba kutuwa, kunyezimira kuja kumasanduka kuwala kofewa, ndipo m'chingwe mumaoneka timizere toyenda m'litali. Ngati simunathire utoto, mtanda umayera mbee. Pitirizani kwa mphindi 10 mpaka 20, mpaka uyambe kukana kukokeka ndipo timizere tija tisafafanizike mukasiya.

Tsopano bweretsani kachidutswa kaja mukaike pambali pa chingwe. Kosakoka kamaonekera mkati ndipo mtundu wake ndi woderako, pomwe chokoka chatuwa ndipo sichionekera. Funsani anawo kuti mwathiramo chiyani choyeretsa. Yankho ndi mpweya. Nthawi iliyonse mukapinda, mpweya umatsekeredwa pakati pa mapindo, ndipo mukakoka umagawika kukhala timathovu tosaoneka ndi maso. Kuwala kukalowa kumagunda timathovuti n'kumwazikana mbali zonse, ndiye maso amaona kuyera. Timathovu tomweti ndi timene timapangitsa taffy kukhala wopepuka potafuna. Alumeko mbali zonse ziwiri amve kusiyana kwake.

Bwererani pa sikelo ndi mitanda yonse pamodzi. Ngati palibe amene wabako, kulemera kukhala pafupifupi komwe kuja, ngakhale mtanda ukuoneka kuti wakula. Kwa ana okulirapo pali masamu okoma: kupinda kamodzi kumapereka magawo awiri, kawiri anayi, katatu asanu ndi atatu. Apitirize kuwirikiza m'kope. Pa mapindo 10 afika pa 1,024, ndipo pa mapindo 20 adutsa miliyoni imodzi. Ambiri sakhulupirira mpaka atawerengera okha.

Kuyesa kwina kwachangu: tengani kachingwe kakang'ono mukoke pang'onopang'ono, katanuka n'kutalika. Tengani kena kamene kapola bwino mukoke mwadzidzidzi, kaduka. Mukakoka modekha timagawo ta shuga timapeza mpata wotsetsereka n'kudutsana, koma mukatsomphola timasowa nthawi imeneyo. Afunseni anawo ngati taffy ndi chinthu cholimba kapena chamadzimadzi, ndipo musafulumire kuwayankha.

11. Dulani ndi kukulunga nthawi yomweyo. Kokani chingwe chomaliza chikhale chonenepa ngati chala cha munthu wamkulu. Pakani batala pa sizasi mudule tizidutswa ta masentimita awiri kapena atatu. Kulungani kalikonse pakokha n'kupota nsonga za pepala. Mukaziunjika zosakulunga zimamatirirana n'kubwerera kukhala mtanda umodzi. Sungani m'chitini kapena botolo lotseka bwino, pamalo ouma, osati m'firiji. Akatha kudya, ana atsuke mano, chifukwa taffy amakanirira m'mano nthawi yaitali.

Poto musalimbane naye ndi chokwechera. Thiranimo madzi muwiritse, shuga yense asungunuka yekha. Supuni ndi thermometer ziviikeni m'madzi otentha.

Zolakwika zofala ndi mmene mungazikonzere

Wauma, sakukokeka. Munaphula mochedwa, kapena simunachotsere madigiri a pa sitepe 1. Ngati wangolimba chifukwa chozizira pa thireyi, muikeni mu uvuni wofunda pang'ono kwa mphindi zochepa afewe, ndipo wamkulu ayambe ndiye kugwira. Ngati akuthyoka, ndiye kuti madzi anatha kwambiri. Mubwezereni m'poto ndi theka la kapu ya madzi, musungunule pa moto wochepa, muwiritsenso n'kuphula nambala isanafike pomwe munaphulira paja. Kwa ana ili ndi phunziro labwino kuposa lija loyamba, chifukwa amaona kuti madzi akabwerera kufewa nako kumabwerera.

Akungomata, chingwe sichikugwira. Munaphula msanga. Kuwonjezera batala m'manja sikuthandiza. Bwezerani m'poto ndi madzi pang'ono muwiritsenso mpaka pa kampira kolimba.

Akumveka mchenga. Mwina shuga anali asanasungunuke pamene zinayamba kuwira, mwina munatakasa zikuwira, mwina munakokota poto. Thirani madzi, sungunulani mpaka kambulu komaliza katatha, wonjezerani supuni ziwiri za manyuchi a glucose kapena supuni yaing'ono ya madzi a mandimu, n'kuyambiranso pa sitepe 4.

Wada ndipo akuwawa. Wapserera, ndipo izi zilibe mankhwala. Moto unakula kapena poto ndi wopyapyala pansi. Shuga amayamba kufiira akadutsa madigiri 160, koma m'poto wopyapyala malo ena amafika pamenepo thermometer ikuonetsabe nambala yotsika.

Anali bwino dzulo, lero wanyowa. Shuga amayamwa chinyezi cha mumpweya. Tsiku la mvula kapena la chinyezi chambiri phulani digiri imodzi kapena awiri pamwamba pa nambala ya masiku onse, ndipo kulungani mwachangu. Mukafuna kuti ana aone okha, siyani kachidutswa kamodzi poyera ndi kena m'botolo lotseka, mawa lake ayerekeze.

Kuwirikiza muyeso pa ulendo woyamba. Mtanda waukulu umazizira manja asanaumalize, ndipo theka limauma pa thireyi. Ngati ana ndi ambiri, phikani kawiri. Ulendo wachiwiriwo sinthani chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo kuphula pa 121 m'malo mwa 124, zina zonse zikhale chimodzimodzi, ndipo anawo alembe zimene akuganiza kuti zichitika musanayatse moto.